Nyimbo Imene Unaikira Bambo M'manda

Keturah,

Ndikhulupirira uli bwino ku Americako. Ife kuno ku Corby tili moyo, ndi bambo omwe, ngakhale iwe unawaika kale m'manda.

Nyimbo yako yatchukayi, ya chamba cha kantire, taimva. Mlamu wako Gladys anaitsegula pafoni tikudya. Ukuimba kuti bambo ako anamwalira uli wamng'ono, gitala unadziphunzitsa wekha. Bambo anaika supuni pansi n'kundifunsa ngati kuli Keturah wina woimba.

Wekha iwe? Ndani ankaweruka kuntchito ku weyahausi yosungira katundu mapazi atatupa, n'kukukhazika pamwendo kukukanikizira zala pazingwe? Kwaya ya ku Leicester itakukana ati umaimbira m'mphuno, ndani anakuuza kuti akatswiri a kantire amene ankawamvera pawailesi tili kwathu ku Mzuzu amaimba choncho? Tsiku lako loyamba kuimba m'bala ku Loughborough munali anthu asanu ndi anayi. Mmodzi anali bambo, mkulu wa mpingo wathunthu, ndipo kumpingoko anawaimitsa miyezi itatu chifukwa cholowa m'balamo.

Pafoni unandiyankha kuti ndi nyimbo chabe, ati opanga nyimbo akuti nkhani ya mwana wamasiye ndiyo anthu amaikonda. Ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame, mlongo wanga. Ndakwiya, ndipo ndikuyenda ndi manyazi. Lamlungu mayi wina wa ku Zambia, mlendo pampingo, atamva kuti ndine mchimwene wako anandipepesa maliro, ine ndikukankha bambo panjinga ya olumala imene akuyendera chidwalire sitiroko.

Matikiti awiri a konsati yako ya ku Leicester afika, walembapo ine ndi Gladys. Ndinafuna kuwang'amba koma bambo anandiletsa. Akuti mwana wawo sanamuonepo akuimbira chikhamu, ndipo sitiroko yachiwiri siwadikira. Andituma kale kukachapitsa suti. Gladys wawasiyira tikiti yake.

Ndiye ndiwabweretsa, mzere woyamba, pakatikati penipeni. Ukuwadziwa, sadzakudzudzula. Adzakuombera ndi dzanja lawo limodzi logwiralo pabondo. Usankhe wekha: uichotse nyimboyo, kapena uiimbe ukuwayang'ana m'maso.

Ambuye akusunge panjira. Upereke moni kwa amuna ako a Silas. Bambo akuti ndikuuze kuti uzivala zofunda, kukuzizira kuno. Moni wanga ndidzakupatsa ukadzatsika pasiteji, kutengera zomwe udzaimbe.

Mchimwene wako,
Lackson