Nyimbo Zanu Zikuoneka Kuno

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Maputoko. Kuno ku Mongue tilipo, mwendo wa amayi uja wayamba kuchira. Koma mtima wanga sukukhazikika.

Pulogalamu ya nyimbo ija munatiikira ikukana kutsekeka. Pa foni yanga ndinalowa mkati, ndinadina poti "Forçar paragem", kutanthauza kuimitsa mokakamiza, inazima. Pa tabuleti ya amayi ndiye imangobwereranso, n'kumaonetsa nyimbo imene inuyo mukumvera kumeneko. Sabata yonseyi ndi nyimbo za maliro zokhazokha. Dzulo amayi anandifunsa kuti, "Kodi mwana wangayu waferedwa?" Ndiye ndati ndikulembereni.

Ndamva kuti mwiniwake atha kuitseka paliponse nthawi imodzi, ndiye ndi inu. Koma musanatseke, chonde tiimbireni foni mutiuze chimene chavuta.

Ambuye akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Esinta