Maliro Opanda Mwini

Loweruka, 4 Okutobala 1986

Kutentha. Sopo kulibe, saladi wophikira kulibe, shuga akuti mawa. Kusitolo kwa aIsmail ndapezako kapenta yekha, theka lake mchenga. Dziko lino tidzafera pamzere.

Kapentayo anandikulungira m'pepala lotayipa. Khalidwe langa loipa lija, chilichonse cholembedwa ndiwerenge, ngakhale chitini cha mankhwala a thonje. Ndakatulo. Ya Chinyanja. Ndinayamba n'kuseka, poti ndakatulo zathu ndimazidziwa: kutamanda dzuwa, kulangiza atsikana, maphunziro ndi chuma. Zaka zinayi za ku yunivesite sindinazithere zimenezo.

Iyi ayi. Mzimayi wakhala pa belo la thonje m'mbali mwa msewu, tsiku lachitatu, kudikira lole. Akuwerenga nyerere. Mizere khumi ndi iwiri, kumapeto kopanda phunziro. Kopanda! Yangotha, ngati munthu wadzuka n'kutuluka osatsazika. Ndawerenga katatu chiimirire, mng'ono wanga Febby ali pamphasa ndi mimba yake ya miyezi isanu ndi itatu, akufunsa ngati ndiwozo tidya lero kapena pa Khirisimasi.

Pansi pa pepala: F. Kwenda. Tsamba 14. Mutu wa kapenta wamatirira padzinapo.

Lachitatu, 8 Okutobala

Lolemba misomali. Lachiwiri misomali. Lero misomali, poti nayonso aIsmail amakulungira m'mapepala omwewo. Masamba 9, 22, ndi 14 kachiwiri. Malipiro a mphunzitsi akuthera m'misomali.

AIsmail: “Amadamu, mukumanga tchalitchi?” Ndaulula. Aseka mpaka akazi awo aSafiya asuzumira kuchokera kuseri. Anditulutsira mulu pansi pa kauntala, wofika m'mawondo. Akuti osindikiza a ku mishoni ankasesa mosungira katundu, iwo anagula mapepalawo ngati mapepala basi. Buku lake silinasokedwe.

Kundipatsa akana, akuti akulungira chiyani. Tagwirizana kusinthana. Ine ndibweretsa zimangirizo zakale za a Giredi 10. Zimenezo kapenta akuziyenera.

Lachisanu, 10 Okutobala

Ndayala pansi m'chipinda chonse, tsamba ndi tsamba. Febby akuyenda chodumpha, akutukwana. Buku lathunthu latuluka, kupatula tsamba 3 ndi 30.

F. ndi Felistus. Mzimayi! Felistus Kwenda, P.O. Vubwi, 1974. Ndakwiya kwambiri. Anamuloleza ndani? Ine ndi digiri yanga ndakhala zaka zisanu ndi chimodzi ndikuuza ana kuti ndakatulo zenizeni zimachokera kumene kumagwa chipale chofewa, munthu ali ku Vubwi, kopanda ndi magetsi omwe, akulemba chonchi osandiuza.

Ya mbuzi yomwe inadya kalata. Ya mlendo amene anabwereka singano n'kubweza ulusi. Ya mayi wouza mwana wake za msewu wa ku Lusaka, iye asanaupondepo. Sindikudziwa amachita bwanji. Mawu ake ndi omwewa timagulira tomato. Koma ukawerenga, m'nyumba mumakhala ngati mwalowa munthu.

Tsamba 27 lilibe mutu.

Madzi ako osamba ndawaphula,
akuzizira pabwalo.
Nkhuku zamwako.
Mayo ine, mayo,
ndiwataye, kapena ndiwabwezere pamoto?

Chitseko ndasiya chosatseka.
Mphepo yalowa, yakhala pampando pako,
ndaipatsa moni.

Ikupitirira choncho, ndime zisanu. Sakutchula amene wamwalira. Mwamuna, mwana, mayi, osadziwika. “Iwe” basi. Tsitsi kunyerenyetsa masanasana.

Lachinayi, 16 Okutobala

Ndilembe, mwina manyazi achepa.

Dzulo. Febby anapita kusikelo m'mawa, mzere wa kuchipatala ngwodziwika. Ine kuweruka, m'nyumba ndekha. Ana ndimawauza tsiku ndi tsiku kuti ndakatulo ndi ya pakamwa, ya m'maso ndi risiti. Ndiye ndinatenga tsamba 27. Poyamba ndi mawu a m'kalasi. Inafa. Kachiwiri pang'onopang'ono. Inafabe. Kachitatu sindikudziwa. Ndinafika pa “mayo ine” n'kumva mawu akukwera okha, mmene amayi ankalirira pamaliro a atate, kukoka mpaka mpweya kutha. Sindinadziwe kuti ndimatha. Ndime zonse zisanu, kenaka kubwereza. Misozi yeniyeni. Ndipo ndinene zoona, kunali kukoma. Chibadwire sindinawerengepo chinthu bwino chotero.

Potsegula maso, amake Moffat a nyumba yoyandikana ali pakhomo, chitenje m'chiuno, manja kumutu. Kumbuyo kwawo azimayi anayi. Analowa akulira kale, anandigwira, kundikhazika pansi. Wina akutulutsa mipando. Wina wanyamula tebulo langa. Panja azibambo ayamba kukhala pansi pa mtengo wa mango, wina wathamangira kukauza ahedi. Onse anamuona Febby akupita kuchipatala m'mawa. Anafunsanso ndani?

Ndikuti ndi ndakatulo, akuti pepani. Ndikuwaonetsa pepala, akuyesa ndi la kuchipatala, kulira kukukwera.

Kenaka Febby. Anatulukira pa ngodya ya nyumba, khadi la sikelo m'manja, akudya chinangwa. Anaima. Azimayi ali m'nyumba akulira dzina lake. Amene anayamba kumuona anakuwa n'kugwera pa mbaula. Ena anathawira m'munda wa sukulu.

Febby sanakuwe. Anangofunsa, “Asisi, wamwalira ndani?”

Lamulungu, 19 Okutobala

Kutchalitchi benchi yathu yonse tinali awiri. Malo okwanira, sindikudandaula.

Ahedi anditcha “wolemba masewero wathu.” Ana a Giredi 11 akandiona akugwira kumutu. Zonsezo ndingapirire.

Amake Moffat anandipeza pampopi. Sanakalipe, bola akanakalipa. Anati, “Aphunzitsi, maliro salira opanda mwini. Mwawaitana, ndipo mwawaitanira m'nyumba ya munthu wapakati.” Ndinawayankha za umbuli ndi zaka za m'ma 1900 zino. Ndinayankha bwino ndithu, Chizungu chinalowamo. Anangosenza ndowa yawo.

Febby sakudya. Mapazi atupa, nsapato zakana. Walembera mwamuna wake Kalisto ku Kitwe, kalatayo sanandionetse. Anabwera kwa ine poti amayi kulibe, kuti ndimusunge mpaka achire. Ndamusunga ndithu.

Lachiwiri, 21 Okutobala

Sindikhulupirira zimenezi. Ndilembe kawiri: sindikhulupirira.

Koma tiyeni titsate nzeru zawo zomwezo. Maliro afuna mwini. Chabwino. Munthu salemba ndakatulo yotere popanda mtembo. Felistus Kwenda anaika wina m'manda, 1974 kapena kumbuyo kwake, mwamuna kapena mwana. Ndiye kuti mwini alipo kale, anagona kalekale, ine ndinangobwereza za eni. Ndikabwera ndi dzina lake ndi chaka, amake Moffat atseka pakamwa, Febby adya.

Ndipita ku Vubwi chifukwa cha Febby. Komanso ndikufuna kuona nkhope ya munthu ameneyu, ndisaname.

Lachisanu ndi tchuthi cha ufulu. AIsmail akuti pali lole ya feteleza yopita ku Chadiza, kuchoka apo ndidzaona ndekha.

Loweruka, 25 Okutobala, Vubwi

Fumbi mpaka m'mano. Lole, thirakitala, kenaka miyendo. M'njira anthu othawa nkhondo ku Mozambique, mitolo pamutu, osalankhula.

Wa positi anamudziwa msanga. “Amake Valentino? A nkhumba aja?” A nkhumba! Mlakatuli woposa onse amene ndawawerenga m'chilankhulo changa, kwawo amadziwika ndi nkhumba.

Kamzimayi kochepa, zaka ngati makumi asanu, magalasi omanga ndi ulusi. Anaphunzitsako Giredi 2 kale. Ndinakonza zonena zambiri m'lole, zina za Chizungu. Zonse zinauluka. Ndinagwada ngati mtsikana wa kumudzi n'kunena kuti ndawerenga buku lawo. Anati alibe buku. Nditatulutsa masamba, anawanunkhiza. “Kapenta,” anatero. Anaseka. Amazitcha “timawu tanga.” Ya mbuzi ija akuti inachitikadi, kalatayo inali ya ukwati.

Tinacheza bwino mpaka nditatulutsa 27. Sanaligwire.

Ndinafotokoza zonse, mipando, Febby, chinangwa. Ndinapempha dzina la malemuwo. Anandilozera pansi pa mtengo, bambo wonenepa akumata chubu cha njinga. Amuna awo. Ana asanu ndi awiri, onse amoyo, wamkulu ndi kondakitala. Amayi awo a Felistus ali kuseri, akusenda nyemba, mano onse alimo.

Akuti unali m'mawa wamba, aliyense ali bwino. Anaphula madzi a bambowo, ali chiweramire mawu onse anabwera, ndime zisanu, ngati wina akuwauza. Analemba, anasangalala, anatumiza kwa abambo a ku mishoni pamodzi ndi zinazo. Ataliona litatayipidwa m'pamene anazindikira chimene analemba. Anayenda masiku awiri kukaletsa bukulo. Anawapempha atenthe. Azungu satentha pepala.

“Zaka khumi ndi ziwiri pakhomo pano sitinaike munthu,” anatero. “Ngakhale khanda. Anthu amati tili ndi mwayi. Ine ndimangodikira mwini wake.”

Sanayambe aitchulapo mokweza. Ndine woyamba.

Pondiperekeza anandigwira dzanja, maso akuwala ngati mwana. “Nanga inamveka bwanji, aphunzitsi? Ndime yachitatu ija, mpweya unakwana?” Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwaonetse. Ananditseka ndi chikhato. Chikhato chonunkha gaga.

Lachiwiri, 28 Okutobala

Ndabwerera. Febby ndamuuza kuti mwini maliro anali mwamuna wake wa mayiyo, anafa ndi njoka, 1973. Dzina ndinapeka, Fanuel. Wadya mbale ziwiri. Amake Moffat ndawauza zomwezo, anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, “Chabwino.”

Mapepala onse a tsamba 27 ndatentha, analipo makumi anayi ndi limodzi. Ine, wa digiri ya mabuku, kutentha ndakatulo kuseri kwa chimbudzi. AIsmail akuti ena ambiri anakulungira kale chaka chino chonse, ali m'makhitchini a Katete yense, mwina mpaka ku Sinda. Mwayi wake anthu kuno sawerenga pepala la kapenta. Chitsiru chinali chimodzi.

Kutentha sikunathandize. Ndinaiwerenga kangati kodi? Ili m'mutu yonse, ndi mopumira momwe.

Zinazo ndikuwerengabe. Ya singano ndawapatsa a Giredi 12, kalasi inakhala chete mpaka belu. Mtsikana wina anafunsa ngati n'zololedwa kulemba chonchi m'Chinyanja. Ndinati sindikudziwa, afunse boma.

Lachinayi, 6 Novembala

Febby kuchipatala kuyambira dzulo m'mawa. Anamwino akuti mwana wakhala mopingasa. Sakundilola kulowa.

Pabenchi. Ndikuwerenga njerwa, ndikuwerenga malata, chilichonse choti m'kamwa mukhale zina. Ndaluma lilime mpaka magazi.

Ambuye, ngati n'zoona, ndinalira ndine.

Lamulungu, 9 Novembala

Mtsikana. Adokotala anachita kung'amba. Onse awiri ali moyo.

Amake Moffat abwera ndi phala m'fulasiki, amunyamula mwana, akuti mphuno ndi yanga. Bodza, koma ndalandira. Telegalamu kwa Kalisto. Mvula yoyamba yagwa madzulo, fungo la dothi mpaka m'wodi.

Ndiye zatha. Umbuli wagonja, sayansi yapambana, ndi mpeni wa dokotala. Ndikanayenera kugona tulo.

Ndalembera amayi Kwenda kuti zonse zayenda bwino. Ndafunsanso ngati kwawo onse ali bwino. Chiganizo chimenecho ndinachifufuta, kenaka ndinachilembanso.

Loweruka, 22 Novembala

Ku Vubwi sikunabwere yankho. Positi ya kumeneko, sizodabwitsa.

Mwana akuyamwa bwino, mchombo unagwa. Matewera opanda sopo, tikuchapira phulusa.

M'mawa uno. Ndikuchonga makope pakhonde, Febby akukonza zosambitsa mwana. Mwana akulira, iye akumuyimbira. Kanyimbo kofewa, kogonekera. Cholembera chinaima chokha.

Madzi ako osamba ndawaphula. Akuzizira pabwalo.

Tsiku lija Febby kunalibe. Pepalalo sanaliwerengepo, amati za asisi n'zotopetsa. Ndinamufunsa waitenga kuti. Anaseka. “Si kanyimbo kanu kaja? Mumayimba chapansipansi mukamachapa, mukamasesa, tsiku lililonse. Kakukomera mwana, ka madzi osamba.”

Tsiku lililonse. Ine osadziwa.

Ndikanamuletsa pomwepo. Koma ndikanati chiyani, poti Fanuel anafa ndi njoka? Anayambiranso, akumugwedeza paphewa. Mawu a Febby ndi abwino kuposa anga. Anafika pa nkhuku zamwako n'kuima, akuti apa m'pamene mumamezera mawu, asisi, kutsogoloku amati chiyani?

Ndakatulo imeneyo siima pamenepo. Aliyense wa makutu angamve kuti siingaime pamenepo. Inali lende m'mwamba, ikudikira.

Ndinamalizitsa. Mokweza, mokoka, mmene iyenera kumvekera.

Febby anandiyang'ana. Analowa ndi mwana kuchipinda n'kutseka chitseko. Mwana analeka kulira nthawi yomweyo. Akuti wagona.

Ndagogoda kawiri, akuti wagona, asisi, tisiyeni. Papita ola. Nthawi yoyamwa yakwana kale, mwana ameneyu sadumphitsa. Ndipitenso ndika