Madala a m'chipinda 9 adumphanso

Lamulungu, mu Januwale. Tsiku loipa. Msana ukuwawa, mtima sunakhale pansi mpaka pano.

Ku nyumba ya okalamba ku Erdington, kunja kuno, ndimasamalira madala ena a ku Slovenia. Paunyamata wawo ankapikisana pa masewera otsetsereka pa sinowo, chipale chofewa chija, kuchokera pamwamba pa phiri n'kuuluka m'malere. Mamendulo awo ali m'chitini cha mabisiketi. Pano amaiwala ngakhale dzina la mwana wawo.

Masana TV inkaonetsa masewerawo. Nditangotembenuka kuti nditenge tiyi, ndinapeza aimirira opanda ndodo, apinda mawondo, manja kumbuyo, maso ali pa ine.

"Agogo, khalani pansi chonde," ndinatero.

Iwo amvekere, "Kochi, ndigwire!" Basi n'kudumpha.

Lamulo la pantchito limati munthu akamagwa usamuwakhe. Koma kwathu ndani angaonerere wamkulu akumenyetsa nkhope pansi? Ndinawawakha, tonse tinagwera pa sofa. Anaseka mpaka misozi, n'kundifunsa kuti afika mamita angati.

Mwana wawo wandiuza pafoni kuti madalawo ankaphunzira choncho, kudumphira m'manja mwa kochi. Koma amanejala sanaseke. Ndalemba lipoti, ndipo akufuna kundiona mawa m'mawa. Viza yanga yagona pa ntchito imeneyi, komanso ana anga angozolowera kumene sukulu.

TV ija ndinayatsa ndine, mwadala, chifukwa madalawo anatha sabata yonse osatulutsa mawu. Zimenezo mu lipoti sindinalembemo. Mawa akandifunsa kuti anayatsa ndani, kaya ine...