Mpeni Umene Tinaudya

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji? Kuno ku Biwi tilipo, kungoti madzi pampopi akubwera mwa apo ndi apo. Kamunda ka kuseri kwa nyumba katipatsa chimanga chongokwanira kuotcha. Mkazi wa chitsirizira wanu uja, Yohane, wachira. Ndi mwana wamkazi, ndipo akuti mphuno ndi yanu yeniyeni. Ine sindinakamuone.

Chatilekanitsa ndi khonde la nyumba imene munatisiyira mutamwalira. Yohane akufuna kuikapo matailosi, akuti anthu a lendi safuna simenti yodyeka. Ndakhala ndikukana mpaka tinasiya kupatsana moni. Pakona paja munkanolerapo mpeni m'mawa uliwonse musanadule repu wogulitsa, simenti inalowa m'kati ngati chikhatho. Ndikaikapo dzanja, ndimakupezani.

Mukukumbukira mmene munkakwiyira mpeniwo utayamba kuwonda? "Wanga unali waukulu, wina wandisinthira," munkatero, diso lili kwa aneba. Tikati ukutha ndi kunola, munkatidula: "Chimene diso langa silinaone, musandiuze."

Tsono mdzukulu wanu Tadala, amene ali Fomu 2, wabwera nazo kuchokera kusukulu. Akuti chilichonse, chitsulo ndi simenti yomwe, chinapangidwa ndi tinthu totchedwa maatomu. N'tating'ono moti kafumbi kamene timakaona kakuuluka dzuwa likalowa pawindo ndi phiri poyerekeza ndi tinthuto. Palibe diso lingatione, ngakhale lanu lija losaphonya nsabwe m'mutu mwathu. Akuti munthu akamanola, tinthuto timachoka, tina kugwa pansi, tina kutsalira pampeni n'kulowa m'ndiwo.

Ndinaseka, kenako misozi inangotsika. Aneba munkawanamizira, Amayi. Akuba mpeni wanu tinali ife ana anu. Tinaudya pang'onopang'ono pamodzi ndi khondelo, ndipo tinakula nawo. Chimene ndikulimbirana ndi mlongo wanga ndi malo odyeka chabe. Zimene zinachokapo zili mwa ine, zili mwa iyenso.

Mawa ndipita kukanyamula khanda lija, ndipo ndikamuuza Yohane kuti aitane mmisiri. Zindipweteka, sindikubisirani. Mpeni wokhawo sindipereka kwa munthu. Ndikulonjeza kuti ndiziunolabe mpaka utatha, ndipo khandalo likadzayamba kudya, ndiwo zake zoyamba ndidzadula ndi mpeni wanu.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani kwambiri.

Ndine mwana wanu,
Esinati