Mzimayi wa pa Chikopa Wamera Ndevu

Yerusalemu,
Lachinayi, chikondwerero cha Hanuka chitangotha

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino. Bondo lija likuvutabe? Achimwene a Nachum akuti ku Winnipeg kwazizira koopsa, koma inu mukukakamirabe kupita wapansi ku sunagoge m'mamawa. Chonde muzitenga ndodo. Ine m'thupi ndili bwino, kungoti mvula yayamba ndipo chipinda changa chikudontha pakona.

Ndasankha kulemba chifukwa pa foni mawu akanandithawa.

Mukukumbukira kachidutswa ka chikopa chakale cholembedwa kaja, kochepa ngati chikhatho cha mwana, kamene ndinati kakunena za mzimayi amene anaimirira n'kuwerenga Malemba pamaso pa msonkhano zaka zikwi ziwiri zapitazo. Nkhani yonse inagona pa chilembo chimodzi cha kumapeto kwa mawu, chija chimasonyeza m'Chiheberi kuti wochitayo ndi wamkazi. Bambo, chilembocho palibe.

Mnzanga wa mu ofesi, Yoav, anandichenjeza kuti ndidikire kaye zithunzi zatsopano, zojambulidwa ndi kuwala koonetsa inki yokha. Ndinamuyankha kuti nsanje imupha. Ndinkafunitsitsa kuti mzimayiyo akhalepo, mpaka maso anga anamuona.

Lolemba ndinayankhula pa msonkhano wa akatswiri. Holo inadzaza, ndipo nditamaliza anthu anaomba m'manja. Kenaka a Pulofesa Elkayam, mayi wachikulire amene anandiphunzitsa kuwerenga zikopazi, anapempha kuti aonetse chithunzi chimodzi chimene chinawafika m'mawa womwewo. Anachionetsa pakhoma. Chimene ine ndinkati chilembo ndi mng'alu chabe, wodzaza dothi. Wowerenga uja anali mwamuna.

Ndiye mkulu wina kumbuyo anakuwa kuti, "Pepani mayi, mzimayi wanu uja wamera ndevu!" Anthu anaseka, ena akubisa nkhope m'mapepala. Ndinanena kuti zikomo, ndalakwitsa, n'kukhala pansi.

A Pulofesa ananditsatira panja. Anati anayesa kundiimbira m'mawa koma foni yanga inali yozimitsa. Anatinso aliyense wogwira ntchitoyi anaonapo chilembo pamene palibe, koma iwo akanakhala chete, cholakwikacho chikanalowa m'mabuku ndi dzina langa. Ndikudziwa kuti akunena zoona. Komabe ku ofesi sindinapondeko. Yoav anandibweretsera msuzi wa mphodza pakhomo, ine kulephera ngakhale kumuyang'ana kumaso. Zoti ntchito yanga ipitirira chaka chamawa kapena ayi, akuluakulu akambirana mwezi uno.

Koma chikundidya mumtima si anthu a kuno. Ndinu. Achimwene andiuza zonse. Akuti munaimirira pa msonkhano wa sunagoge, inu amene zaka zonsezi munkati mkazi sakwera pa nsanja yowerengera, n'kunena kuti mwana wanu wapeza umboni woti makolo athu ankalola. Akuti a Rosner, mnzanu wa kuubwana, anakunenani kuti mwagulitsa mwambo chifukwa cha mwana wophunzira, ndipo anasamuka pa benchi imene mwakhalira limodzi moyo wonse. Akutinso ndi mawu anuwo amene anachititsa anthu kuvomera kuti mdzukulu wanu Dalia, mwana wa achimwene, adzawerenge Tora, Malamulo a Mose, pa mwambo wake wa bati mitsiva, akamakwanitsa zaka khumi ndi ziwiri, kukhala mtsikana woyamba m'sunagoge mwathu. Ndakuimikani pagulu mutanyamula dothi m'manja.

Anthu a ku sunagoge muwauze zoona pa tsiku la Sabata likubwerali, asanazimve kwina. Munene kuti wolakwa ndi Shulamit. A Rosner akafuna kuseka, aseke ine.

Pempho langa ndi limodzi: Dalia musamuchotse pa kuwerengako. Dzulo anandiimbira foni kuti ndimve gawo lake la Tora. Analiimba lonse osaphonya, mpaka kukoka mawu omaliza mmene mumakokera inu. Atamaliza anandifunsa kuti, "Azakhali, agogo akamva asangalala eti?" Ndinati inde, n'kudula foni msanga asanamve kuti ndikulira.

Ndilibenso chikopa choti ndikupatseni, Bambo. Mwina mzimayi wotere kalelo analipo, mwina kunalibe, ine sindikudziwa. Koma mwanayu alipo, ndipo waphunzira. Musanagamule chilichonse, pitani kwa achimwene, mukhale pansi, mumumvere nokha.

Mundiperekere moni kwa Amayi, muwauze kuti ndikudya. Moni kwa achimwene ndi alamu anga a Batsheva, kwa azakhali a Freyda, ndi kwa a Rosner omwe, ngati angalandire.

Ndine mwana wanu, wogwa nkhope koma wanu ndithu,
Shulamit