Botolo lovala sokosi

Okondedwa alongo anga a Tisa,

Muli bwanji kumeneko ndi alamu? Kuno ku Nkwali tili bwino, mwendo wa amayi wasiya kutupa.

Kavidiyo munatumiza kaja, ka banki imene munthu amaika mapepala m'botolo ali m'galimoto, botolo n'kuthamanga mu paipi, kanandiyambanitsa ndi a Zulu, kapitawo wathu kukampu ya alendo odzaona nyama. Iwo ankati mkati muli chingwe. Ndinawauza pamaso: "Bodza! Makina amakoka mpweya kutsogolo, wakumbuyo n'kukankha botolo."

Iwo amvekere, "Iwe wa giredi seveni, panga tione. Zikakanika, usiye umakaniko ubwerere kotsuka magalimoto."

Ndinayala paipi ya madzi kuchokera kusitolo mpaka kukhichini, paja njovu zikaima pakati timasowa podutsa ndi makiyi. Ndinalumikiza makina okoka fumbi kukhichiniko, n'kulowetsa mu paipi botolo la makiyi kusitolo. Botolo linangokhala duu, anthu n'kumaseka. Nditaona kuti mpweya ukudutsa m'mbali, ndinavula sokosi n'kuliveka botololo. Fyuu, makiyi kukhichini!

A Zulu anasuzumira mu paipi kufuna chingwe chawo. Mpaka lero sanachipeze, ndipo sipanala ikadali m'manja mwanga.

Mukandifunsire kubankiko mmene botolo limakhotera pakona. Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mlongo wanu,
Yobe