Phazi la Kamphepo

Lolemba, 5 Meyi

Amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Langa ndi funso: ndikawaona masowo ndipindulanji? Alipo anagulapo chithunzi cha nkhono?

Zaka zinayi ku koleji. Digiri ya utolankhani ili m'sutikesi pansi pa bedi, bedinso la m'nyumba ya achemwali. Ntchito: zithunzi za ziphaso m'situdiyo ya a Mwetulani. Dzinali anawapatsa ndi makasitomala, poti tsiku lonse mawu ndi omwewo, mwetulani, mwetulani. Eni akewo mano sindinawaonepo. Miyezi isanu ndi iwiri ndikuwongola makolala a anthu. Ndikadandaula, amandiuza za nkhono.

Loweruka lapitali, manyazi. Kamphepo, mwana wa achemwali, amathamanga mamita 100 pabwalo la sukulu yawo. Anzake anawasiya ngati aima. Ine kuseri kwa chingwe ndi kalenzi kaja kamabwera ndi kamera. Pachithunzi ana asanu ndi atatu, nyerere pa mkeka. Achemwali anayandikitsa mpaka pamphuno. "Wathu ndi uti apa?"

Choipa kwambiri, mnzanga wa ku koleji uja analowa ntchito ku nyuzipepala analipo. Lenzi yoyera, yaitali ngati mkono. Munthu woti ankakopera kwa ine. "Aise, ukujambula ndi kabotolo ka mankhwala a m'maso?" Ndinaseka naye. Kuseka kwa pamwamba.

Mpikisano wa masukulu onse uliko pa 17. Alamu ali kunja kwa dziko chaka chachitatu, mwana wawo sanamuonepo akuthamanga. Ndawalonjeza pafoni chithunzi choti akapachike pakhoma. Ndalonjeza mokweza, aliyense m'nyumba wamva.

Lachitatu, 7 Meyi

Lenzi ziwiri.

Yoyamba andilozera a Mwetulani. Ili kwa mkulu wokonza makamera kuseri kwa positi ofesi. Yakale, yakuda, ya 70 mpaka 300. Fokasi, yoti chithunzi chioneke bwino, imadzipezera yokha. Labala wake anasupuka, anaikulunga tepi. Galasi loyera bwinobwino, ndaunika ndi tochi ya foni. Ndalama zomwe ndasunga zikukwana ndendende.

Yachiwiri ndaiona ndekha pashopu ya mafoni, m'kanjira ka kumsika. Yatsopano, m'katoni. Yoyera! 650 mpaka 1300, manambala osonyeza kutali kumene imafika. Ndinawerenga kawiri. Wogulitsa akuti, "Iyi bwana mujambula nsabwe pamutu pa goloboyi muli kunja kwa mpanda." Ndalama zikuperewera, osati kwambiri.

A Mwetulani: "Mwana wothamanga safuna lenzi yaitali. Amafuna yofulumira." Nzeru za munthu amene wakhala zaka makumi atatu akujambula anthu okhala pampando.

Zoona zake, ndilembe poti palibe awerenge: ya tepi ija sindingaime nayo pafupi ndi mnzanga uja.

Lachisanu, 9 Meyi

Ndapempha achemwali. Ndinayamba ndi nkhani zakutali, za tsogolo, za masukulu onse amene adzandifune, za situdiyo yangayanga yokhala ndi magalasi kutsogolo. Iwo phazi pa makina, yunifolomu ya mwana wa eni ikudutsa pansi pa singano, osadzutsa mutu. Nditamaliza anati, "Achimwene, nenani zomwe zikuperewera, ulusi ukundithera."

Anati aganize kaye. Madzulo ndinamva akunong'onezana ndi Kamphepo kuchipinda. Kenako anatuluka ndi chitini cha mabatani. Pansi pa mabatani, kanvulopu. "Mukajambule bwino, bambo ake amuone."

Munthu wa digiri kulandira ndi manja awiri kuchokera m'chitini cha mabatani. Kamphepo anali pakhomo, kundiyang'ana, kumwetulira. Sindinafunse kuti envulopuyo inali ya chiyani. Munthu sufunsa chimene sukufuna kumva.

Lolemba, 12 Meyi

Ndagula. Yoyera.

Kulemera ngati musi. Fokasi yamanja, umachita kupotokola wekha. Zimenezi wogulitsa sananene, inenso sindinafunse. Ukasuzumira mkati muli kamdima ngati kukubwera mvula. Ukapuma, dziko lonse limagwedezeka.

Komabe imafika kutali! Thanki ya madzi ya kutsidya, ndawerenga zilembo zake zonse. Khwangwala pa waya, mpaka diso. Ndinaikhazika pa zenera ndi pilo.

Ndinapita nayo kuntchito dala. A Mwetulani anaitembenuza uku ndi uku, anasuzumira, anandibwezera mosamala ngati khanda la eni. "Yabwino. Ndi yojambulira mwezi imeneyi. Mwezi suthamanga."

Ndinawayankha kuti zinthu zinasintha, masiku ano ndi zina. Pamaso pa kasitomala. Iwo anabwerera ku kamera yawo. Anangoti kwa mayiyo, mwetulani.

Lachinayi, 15 Meyi

Ndayesera pa njinga zodutsa mumsewu. Zithunzi makumi asanu. Chooneka palibe. Njinga ikalowa m'galasi, ndisanapotokole yatuluka kale.

Ndinapita kushopu kuja. Pakhoma pepala: katundu akatuluka sabwerera. Lolemba linalipo kodi? Ndinangofunsa mtengo wa chaja n'kubwerera.

Ndadutsa kwa wokonza makamera. Ya tepi ija ikadali pawindo. Ndinadutsa chakutsidya kuti asandione.

Kamphepo pa chakudya: "Amalume, ndikamafika pa mzere ndikweze manja kapena ndingothamanga?" Ndati akweze.

Loweruka, 17 Meyi

Kamphepo wakhala wachiwiri. Apitanso ku mpikisano waukulu mwezi wamawa.

Zina sindilemba lero.

Lamulungu, 18 Meyi

Ndilembe, mwina zichoka pakhosi.

Pabwalo anandilandira ngati nduna. Aphunzitsi a masewera: "Apatseni njira atolankhani!" Mpando anandipatsa, pamthunzi. Makolo kundikodola kuti ndijambule awo. Mnzanga wa ku nyuzipepala sanabwere n'komwe. Munthu amene ndinagulira lenzi kuti andione nayo.

Ndinaima chapakati, m'mbali mwa bwalo. Atsikana atagwada pa mzere woyambira ndinakoka lenzi yonse, kupotokola, kupotokola, mpaka china chake chinaoneka bwino. Ndinadina. Wezulo. Basi. Udzu, thambo, udzu, ambulera ya munthu. Ndikumva bwalo lonse likukuwa dzina lake, ine diso m'paipi, kusakasaka mwana woti akudutsa pamphuno panga. Pomwe ndimachotsa diso n'kuti atamaliza. Akuti anakweza manja. Sindinaone. Bwalo lonse linaona, kupatula wojambula.

Anabwera akupuma wefuwefu. "Amalume, ndatuluka bwino?" Ndinati ndikazikonza kaye pa kompyuta.

Zithunzi 214. Ndaziona zonse kawiri. Chakuthwa chimodzi chokha, choyamba chija, ali chigwadire. Nkhope mulibe. Phazi.

Phazi lakumanja, lodzaza chithunzi chonse. Nsapato yansalu, yakale ya achemwali ija ankapita nayo kumsika. Kutsogolo anaidula ndi lezala kuti zala zituluke. Soli anaimanga ndi kansalu kobiriwira, kotsala pa mayunifolomu, mfundo ziwiri. Chala chachikulu chili ndi pulasitala. Ulusi uliwonse ukuoneka. Lenzi yanga yagwira ntchito.

Tikukhala nyumba imodzi. Ndimadziwa zilembo za pa thanki ya kutsidya. Mapazi a mwanayu ndinali ndisanawayang'anepo.

Lachiwiri, 20 Meyi

Alamu aimba kawiri. Sindinayankhe. Uthenga: "Alamu, pakhoma ndakhoma kale msomali."

Ndinawaonetsa achemwali phazi lija. Anayang'ana nthawi yaitali. Ndinafunsa za envulopu. Anati inali ya nsapato zothamangira, akhala akuponyamo kuyambira Januwale. Ndinafunsa chifukwa chake sanandiuze. "Munafunsa?"

Ndinkadikira kuti akalipe. Bola akanakalipa. Anangolowetsa ulusi pa singano n'kunena kuti maganizo sanali awo. Iwo anakana. Mwini wake ndiye anaumirira. Akuti anati, "Apatseni amalume. Nsapato ndithamanga nazo ndekha, koma chithunzi tionera limodzi ndi adadi."

Woyamba anamuposa ndi phazi limodzi. Atero aphunzitsi. Phazi limodzi.

Kuntchito ndawongola makolala tsiku lonse. A Mwetulani sanafunse za Loweruka. Kusafunsako ndiye kukundipweteka.

Lachinayi, 22 Meyi

Ndawauza a Mwetulani zonse, ndi za kasitomala uja ndapepesa. Ndinawaonetsa chithunzi. Anavala magalasi. "Fokasi ili bwino," anatero. Kenako: "Aka n'koyamba kujambula chinthu chimene unachiona."

Akuti wokonza makamera ndi mnzawo, ya tepi ija akhoza kundibwereka tsiku limodzi mwezi wamawa. Koma ndiyambe ndayesera pa njinga mlungu wathunthu, iwo ataima pambali. Ndavomera. Nkhono yandipeza.

Kamphepo ndamuuza ndekha, pakhonde, akuchapa yunifolomu. Kuti chithunzi palibe. Kuti manja anakwezera mphepo. Anasiya kuchapa, sopo m'manja. "Ndiye adadi muwauza chiyani?" Sanalire. Akanalira mwina ndikanapeza chonena.

Alamu ndawaimbira. Ndawauza kuti msomali udikire, wolakwa ndine. Phazi sindinawatumizire. Limenelo ndi langa.

Loweruka, 24 Meyi

Wa shopu ya mafoni waitenga lenzi yoyera ija, atandizunguza ola lathunthu. Wadula pafupifupi theka. "Bwana, yoyera ikagwiridwa imada." Masiku khumi ndi awiri apitawo inkaona nsabwe. Sindinakangane naye. Zomwe wandipatsa, nsapato zikwana.

Kunyumba ndinang'amba pepala pakati pa kope lino. Ndinamuitana Kamphepo, ndinati avule patapata aponde apa. Ndinagwada pasimenti ndi pensulo.

"Amalume mukutani?"

Ndinati ndikujambula.

"Ndimwetulire?"

Achemwali anaseka mpaka makina anaima. Ine ndinazungulira chidendene, m'mbali, chala chilichonse, pang'onopang'ono, pa pulasitala ndinadutsa mofatsa. Lamanzere ndi lalikulupo pang'ono. Sindinkadziwa.

Ndapinda pepalalo, ndaliika m'chikwama cha kamera, pamalo pamene panali lenzi. Ndanyamuka kupita kwa ogulitsa nsapato.